Lenzi Yaitali ya Dalaivala

"Iyi ndiye ayi, achimwene. Mukufuna kujambula mwana kapena kugwetsa ndege?"

Mlongo wake wa Dalaivala ananena izi akuseka, atanyamula ndi manja awiri lenzi yaitali ngati mkono wa munthu. Dalaivala sanaseke nawo. Anamulanda lenziyo mosamala n'kuibwezera patebulo lagalasi, pomwe mwini sitolo, mayi wa magalasi okhuthala, anali atayala malenzi atatu pa kansalu kofewa.

Kamera imene anabwera nayo inali ya mlongo wakeyo. Anaigula kalekale kuti azijambula masitayilo a tsitsi ku saluni kwake, koma atazolowera foni anangoiponya m'kabati. Kalenzi kake kanali katang'aluka. Dalaivala ataipempha, mlongo wake anamupatsa osafunsa zambiri, n'kunena kuti amuperekeza kwa kasitomala wake wogulitsa za makamera kuti asakapusitsidwe kwina.

"Funso langa ndi limodzi, bambo," anatero mwini sitolo. "Mukufuna kumajambula chiyani? Za pabanja, zamasewera, kapena za kunja monga mapiri ndi mbalame?"

"Zonse," anayankha mlongo uja msangamsanga.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Asiyeni ayankhe eni ake."

Dalaivala anakanda m'mutu. Anali munthu wa mapewa aakulu ndi mawu ochepa, wozolowera kukhala yekha m'lole yake yonyamula mchenga ndi njerwa. Kasitolo kameneka kanamuthina. Paliponse pomwe ankatembenukira ankaopa kugwetsa chinachake.

"Zamasewera," anatero. "Mpikisano wothamanga."

Mwini sitolo ananyamula kalenzi kakang'ono kwambiri. Anati aka ndi ka m'nyumba, kamameza kuwala kwambiri moti ngakhale pabalaza pali kamdima nkhope zimatuluka bwino, koma sikakoka chinthu chakutali. Wojambula amayenera kuyenda yekha ndi miyendo yake mpaka pafupi. Yapakati anaipotokola kuti aone momwe imatalikira ndi kufupika. Iyo anati ndi ya paulendo, ya pamudzi, ya ana akusewera panja, ndipo pabwalo la masewera imagwira ntchito ngati munthu ali cha m'mphepete. Pomaliza anasisita yaitali ija.

"Iyi ndiye imakubweretserani munthu wakutsidya mpaka muone thukuta pamphumi pake. Koma ndi yolemera, imafuna dzuwa, ndipo dzanja likangonjenjemera pang'ono chithunzi chimangoti mbuu. M'nyumba ndiye iwalani. Tsono inu mumakhala pati mukamajambula?"

M'malo moyankha, Dalaivala anatulutsa foni yake n'kuonetsa chithunzi. Panali bwalo lalikulu, mitengo kumbuyo, ndi timadontho toyera tili mumzere.

"Uyu ndi mwana wanga."

Mayiyo anayandikitsa foni kumagalasi ake. "Uti?"

"Wachitatu kuchokera kumanzereku."

"Bambo, apa mwajambula nyerere. Munali kuti?"

"Kunja kwa mpanda. Kumsewu. Ndimakwera pamwamba pa lole."

Mwini sitolo anayang'ana mlongo uja. Mlongo uja anayang'ana pansi, kuseka kuja kutamuthera.

Nkhani yake sinali yachilendo. Dalaivala anakhala zaka zambiri akuyendetsa malole a maulendo ataliatali, kumapita mwana akukwawa n'kudzamupeza akuyenda. Banja linazilala pang'onopang'ono mpaka linatha, popanda ndewu, ndipo mayi wa mwanayo anakwatiwanso ndi bambo wina wofatsa, wogulitsa mankhwala. Mtsikanayo anakulira m'nyumba ya bamboyo ndipo ankamutchula kuti adadi. Dalaivala atasiya maulendo akutali, anamva kuti mwana wake wayamba kuthamanga pamipikisano. Tsiku lina anafika pasukulu pake ndi lole yodzaza mchenga, akuliza hutala ndi kukuwa dzina limene ankamutchula ali wakhanda: "Chitete! Chitete wanga!" Anzake a mtsikanayo anafa nazo nseko. Mtsikanayo anabwera pawindo la lole misozi ili lengelenge. "Musamabwere kuno, mwamva?" Dalaivala anamva. Kuyambira pamenepo sanalowenso pachipata chilichonse pomwe panali mwana wake. Ankangoimika lole kumsewu, n'kukwera pamwamba, n'kumaonera patali.

"Achimwene anga ndi otero," anatero mlongo wake motsitsa mawu. "Ukawauza kuti aime, amaima mpaka udzu umere m'mapazi. Ndawauza kangati kuti chibale ndi fupa sichiwola? Mwana analankhula zachibwana."

"Iwe, usandiyalutse m'sitolo ya eni."

"Ndikukuyalutsani ine, kapena ndi lole yanuyo imene mumaimika ngati ya akuba?"

Mwini sitolo anapukuta lenzi yaitali ija n'kuimangirira pakamera. "Iyi inagwirako kale ntchito, si yatsopano. Itengeni mukaiyese Loweruka lino. Mukaikonda mudzatiuze, mukapanda kuikonda mudzabweze, tidzaone ina."

"Mukundikhulupirira chonchi osandidziwa?"

"Mutu wangawu amaukonza ndi mlongo wanuyu. Mukathawa nayo, ndikakhala pa saluni pake mpaka atandiluka ulere moyo wanga wonse."

Kenako anamutulutsa pakhonde n'kumuonetsa kagwiridwe kake: dzanja lamanzere pansi pa lenzi, zigongono zitakanikiza nthiti, thupi lonse likutembenuka pamodzi ndi chinthu chothamanga. Anamutembenuzira kabatani kena kuti kamera izitha kujambula zinthu zothamanga, n'kumuchenjeza kuti asakakhudzenso. "Kayeserereni pa anthu a njinga. Ndipo musamapupulume. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Masiku otsatirawo, nthawi yopuma masana, Dalaivala ankakhala pa khomo la lole yake pamalo okwezera mchenga n'kumalondola njinga iliyonse yodutsa. Zithunzi zoyamba zinali za matayala akumbuyo okhaokha. Zina zinali za msewu wopanda munthu. Anzake okweza mchenga ankamuseka kuti wasanduka kazitape. Koma manja amene anazolowera chiwongolero sanachedwe kuphunzira. Pofika Lachisanu anajambula mayi wina akupalasa njinga, dengu la tomato lili kumbuyo, ndipo tomato aliyense ankaoneka payekhapayekha. Analiyang'ana nthawi yaitali dengu limenelo.

Loweruka kunacha bwino, kopanda mitambo. Anaimika lole pamalo ake a nthawi zonse, pansi pa mtengo womwe nthambi zake zinkagwera pa mpanda wa waya. Anakwera pamwamba, n'kuyala thumba lopinda padenga kuti atsamirepo zigongono. M'bwalo munali phokoso la ana asukulu, mawezulo ndi chimkuzamawu chosamveka bwino. Anaika diso pakamera n'kuyamba kufufuza.

Anayamba kuona mayi wa mwana wake, atakhala pa benchi ya makolo, ambulera ili m'manja. Pambali pake panali mwamuna wake, wogulitsa mankhwala uja, atanyamula chikwama cha mtsikanayo pamiyendo ndi botolo la madzi. Dalaivala anasuntha lenzi msanga, ngati wasuzumira m'chipinda cha eni.

Kenako anamupeza.

Nkhope ya mwana wake inadzaza kamera yonse moti anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo. Anaikanso diso. Sanali Chitete wa masaya onenepa uja. Anali mtsikana wamtali, wa khosi lowongoka, ataluma mlomo wam'munsi monga ankachitira malemu amayi ake a Dalaivala akamalowetsa ulusi pa singano. Pachibwano pake panali kachipsera. Dalaivala sanali kukadziwa kachipsera kameneka. Anagwa liti? Anamunyamula ndani? Analira nthawi yaitali bwanji? Chala chinali pa batani, koma anaiwala kudina.

Mtsikanayo anawerama n'kumanga zingwe za nsapato, anadumphadumpha, n'kupita pamzere woyambira. Atatsala pang'ono kuwerama, anatembenuza mutu. Sanayang'ane ku benchi ya makolo. Anayang'ana kumsewu, ku mtengo, molunjika m'kati mwa lenzi. Zinali zakanthawi kochepa chabe.

Mfuti inalira.

Unali mpikisano wozungulira bwalo kawiri. Ulendo woyamba mtsikanayo anali pakati pa gulu, akuthamanga mosapupuluma, manja akuyenda ngati makina. Dalaivala anamulondola ndi thupi lonse monga anaphunzitsidwira, kamera ikuti tcha, tcha, tcha. Belu la ulendo womaliza litalira, mtsikanayo anayamba kudutsa anzake mmodzimmodzi mpaka anatsala ndi mmodzi yekha patsogolo. Dalaivala anazindikira kuti akunong'ona yekha, "Tiye, tiye, mwana wanga, tiye."

Pa kona yomaliza wina wakumbuyo anafuna kudutsira mkati. Miyendo inakolana. Mtsikanayo anagwa chafufumimba, n'kukhwekhwereka pa dothi lolimbalo. Kamera inati tcha yokha, chala chitadina mosadziwa. Anthu onse m'bwalo anati "Aaa!" Ena onse anamudutsa.

M'lenzimo Dalaivala anaona zonse: fumbi kumaso, magazi pabondo, mlomo ukunjenjemera. Anaona mwana wake akudzuka, akuyesa kuponda, akutsinzina ndi ululu, n'kuyamba kutsimphina kulowera kumzere womalizira, yekhayekha, anthu akuwomba m'manja. Zotsatira zake sanazione, chifukwa anali atatsika kale. Sanakumbuke kuti anatsika bwanji. Anangozindikira akuthamanga m'mbali mwa mpanda, kamera ikumumenya pachifuwa.

Pachipata panali mlonda. Ataona chilenzi chija anatsegula msanga. "Atolankhani, lowani, lowani."

"Sindine mtolankhani ine," anatero Dalaivala akupuma mwawefuwefu. "Ndine bambo ake a mwana wagwa uja."

Mawuwo anamveka achilendo m'kamwa mwake. Mlonda anangomulozera ku tenti ya ovulala.

Anawapeza atamukhazika mtsikanayo pa mpando, mwendo atautambasula. Wogulitsa mankhwala anali atagwada akutsuka bondo ndi thonje, mayi ake atamugwira phewa. Dalaivala anaima chapatali pang'ono, osadziwa poika manja. Mayi uja ndi amene anayamba kumuona. Anakweza nsidze. Mtsikanayo anatukula maso ofiira ndi kulira.

"Mwatsika lero?"

"Umandiona?"

"Chilole chonse chija mumaganiza kuti chimabisika kuseri kwa waya?" anatero mayi ake. "Ngakhale anzake amachidziwa. Chikachedwa amamufunsa kuti lero a pamtengo aja ali kuti."

"Unati ndisamabwere," anatero Dalaivala, akulankhula ndi mwana wake koma akuyang'ana bondo.

"Ndinati musamabwere mukuliza hutala ndi kunditchula Chitete pagulu." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinali kamwana nthawi imene ija. Inu simunabwerenso kudzafunsa."

Wogulitsa mankhwala anadzuka, n'kupukuta manja, n'kupereka moni kwa Dalaivala ndi manja awiri. "Fupa lili bwino, akulu, ndi khungu chabe lasupuka. Tandigwirirani mwendowu apa kuti ndimange bwino. Akumandikankha ine."

Dalaivala anagwada. Anagwira kakolo wa mwana wake ndi zikhatho zake zokhakhala, mopepuka ngati wagwira dzira. Mwendowo unali wotentha ndipo unkanjenjemera. Mankhwala atakhudza chilonda mtsikanayo anakuwa n'kumufinya phewa ndi zala zonse. Dalaivala sanasunthe.

Bandeji itamangidwa, mtsikanayo analoza kamera. "Chimenecho ndi chiyani? Mwabwera kudzasaka njovu?"

"Iwenso ngati azakhali ako."

"Tandionetsani."

Anamuonetsa pa kagalasi kakumbuyo kwa kamera. Mtsikanayo anangoti kukamwa yasa. Anali asanadzionepo akuthamanga. Pachithunzi china mapazi ake onse anali m'malere, tsitsi litawulukira kumbuyo, minofu ya m'miyendo itatuluka. Mayi ake anasuzumira n'kugwira pakamwa. "Ameneyu ndi mwana wanga ine?"

Atafika pa chithunzi chakugwa chija, Dalaivala anafuna kuchidutsa. "Ichi ndichifufuta."

"Ayi, chisiyeni." Anachiyang'anitsitsa. "Onani, ndinasiya mpata mkatimu. Ndi chifukwa chake anafuna kudutsirako. Aphunzitsi amandiuza nthawi zonse koma sindimamva. Chisiyeni, ndichione bwino."

Kenako, osayang'ana aliyense, anati, "Adadi, tatijambulani ine ndi ababa."

Dalaivala anamva mawu awiriwo, adadi ndi ababa, atakhala m'chiganizo chimodzi popanda kukankhana. Anavula kamera pakhosi n'kuipereka kwa wogulitsa mankhwala, n'kunjuta pambali pa mpando.

Bamboyo anaika diso pakamera. "Ndikungoona mphuno."

"Bwererani m'mbuyo," anatero Dalaivala.

Anabwerera. "Tsopano ndi khutu. La ndani kaya."

"Pitirizani!"

Anabwererabe chambuyo, anatuluka mu tenti, anagunda ndowa ya madzi, anapepesa kwa mayi wina amene anamuponda phazi, mpaka anakafika pakati pa njira yothamangiramo, pomwe woyang'anira mpikisano anamuimbira wezulo kuti achoke. Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira bondo lake lopwetekalo. Mayi ake anaseka mpaka misozi. Dalaivala nayenso anamva chiseko chikutuluka pansi pa mimba, chimene anali atachiiwala.

Wogulitsa mankhwala anabwerera thukuta lili kamukamu. Chithunzi chimene anajambula chinali cha theka la nkhope ya bambo ndi theka la nkhope ya mwana, masaya atagundana, chopendekeka.

"Akulu, chida chanuchi ndi cha adani," anatero akubweza kamera. "Cha abale chimafunika china."

Lolemba masana Dalaivala anali pachipata cha sukulu, wapansi, lole ataisiya kuseri kwa sitolo ya makamera. Mtsikanayo ndi amene anamutumizira uthenga kuti akufuna kukaona malenzi enawo. Anayenda limodzi pang'onopang'ono chifukwa cha bondo. Panjira anamufunsa za kachipsera ka pachibwano, ndipo mtsikanayo anati anagwa pa njinga ali sitandade yoyambirira, adadi ndi amene anathamanga naye kuchipatala. Dalaivala anagwedeza mutu. Zinamupweteka, koma anasangalala kuti panali munthu womunyamula.

Mwini sitolo atawaona akulowa anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. "Nyerere ija ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi."

"Yakula bwino. Nanga lenzi yakuchitirani zotani?"

Dalaivala anamuonetsa zithunzi. Mayiyo anaziyamikira moona mtima, nati dzanja lake ndi lokhazikika kuposa la achinyamata ambiri amene amagula zida zodula. Atafika pa chithunzi cha matheka a nkhope chija anaseka n'kuyalanso malenzi ena awiri aja pa kansalu.

Mtsikanayo anayesa kakang'ono kaja poyamba. Anajambula bambo ake ali chiimire pakati pa mashelefu, chipewa chili m'manja, ndipo nkhope yawo inatuluka yowala, zakumbuyo zonse zitasungunuka. Anayesa yapakati. Anaipotokola uku ndi uku, anajambula sitolo yonse, kenako anatuluka pakhonde n'kukoka galu amene anagona kutsidya kwa msewu.

"Iyi," anatero. "Mwezi wamawa tikukathamanga mpikisano wa m'mapiri, mukhoza kujambula ndi mapiri omwe. Komanso azakhali akufuna chithunzi cha tonse pa tsiku lawo lobadwa. Ndi chinjovu chanucho mudzakajambulira ku msika."

Dalaivala anayang'ana yapakatiyo, n'kuyang'ananso yaitali ija, imene inamuonetsa nkhope ya mwana wake. Zinali zovuta kuisiya.

"Koma iyi siifika kuchokera kumsewu," anatero.

"Siifikadi," anavomereza mwini sitolo. "Ndisakunamizeni. Imafuna munthu akhale m'mphepete mwa bwalo."

Mtsikanayo anali akuyang'anabe m'kamera. "Pa benchi pali malo. Adadi anati asendera."

Dalaivala anakankhira lenzi yaitali ija kwa mwini wake ndi manja awiri.

"Zikomo, mayi, yandithandiza. Mundikulungire yapakatiyi."

"Yokulunga ndiye palibe, ili kale pakhosi pa mwini wake," anatero mayiyo, akuloza mtsikanayo amene anali atatuluka kale panja.

Atafika pa lole, mtsikanayo anayesa kukwera koma bondo linakana. Anayesanso, n'kutsinzina. Dalaivala anamugwira m'chiuno n'kumukweza m'mwamba mpaka pampando. Anali wolemera kuposa momwe manja ake ankakumbukira. Anatseka chitseko bwinobwino, n'kuzungulira kukakhala mbali yake.

Anayendetsa pang'onopang'ono, akuzemba kadzenje kalikonse chifukwa cha bondo lija. Atafika pamphambano, anasiya njira yachidule yopita kunyumba kwa mayi ake n'kutenga yozungulira, yodutsa kuseri kwa tauni. Mtsikanayo anatsitsa kamera, n'kuyang'ana msewu, n'kuyang'ana bambo ake. Anangotsitsa windo, n'kutsamiritsa chigongono, n'kufunsa kuti batani lojambulira zinthu zothamanga ndi liti.